Lupus ndi majini athu: funsani za kumtundu, yezani mkodzo

Akonzi,

Tiloleni tinenepo za lupus, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira mwini wake n'kumawononga khungu, mfundo za mafupa, magazi ndi impso. Mwa odwala 10 aliwonse, 9 amakhala akazi, ambiri a zaka 15 mpaka 45. Amabwera thupi likutentha, mfundo zikuphwanya, tsitsi likuthothoka, m'kamwa muli zilonda. Poti zizindikirozi zimafanana ndi za malungo, chifuwa chachikulu kapena HIV, miyezi imatha munthu akumwa mankhwala a nthenda imene alibe. Pali funso lotsika mtengo lomwe limaiwalika: kodi kumtundu kwanu alipo anadwalapo zotere?

Lupus imayendadi m'magazi, koma osati ngati sickle cell, nthenda ya magazi imene jini imodzi (kalangizo ka m'thupi kamene timatengera kwa makolo) imagamula zonse. Ofufuza apeza malo oposa 100 mu DNA, momwe mumalembedwa majini, amene amakweza chiopsezo, aliwonse pang'onopang'ono. Ngakhale mapasa ofanana ndendende, mmodzi akadwala, mnzakeyo amadwala pafupifupi kamodzi pa maulendo 4. Chotsalacho chimachokera ku dzuwa, fodya, mahomoni ndi kachilombo ka Epstein-Barr. Choncho kuloza chala kuchikazi kapena kuganizira ufiti n'kungodanitsa abale. Funso lija lizifunsidwanso motambasula, chifukwa majini monga HLA ndi STAT4 amakhudza matenda angapo. M'banja limodzi wina amadwala lupus, azakhali ake nyamakazi yotupitsa zala, msuweni chithokomiro, mwana shuga wa mtundu woyamba.

Chimalakwika n'chiyani? Maselo amafa tsiku lililonse, ndipo mapuloteni otchedwa C1q ndi C4 amasesa zotsalazo monga mmene timasesera pabwalo m'mawa. Akachepa, zinyenyeswa za DNA ndi mnzake RNA zochokera m'maselo akufawo zimatsalira, asilikali a m'thupi n'kuziyesa kachilombo. Mwa obadwa opanda C1q, pafupifupi 9 mwa 10 amadwala lupus. Puloteni imene imazindikira RNA imatchedwa TLR7, ndipo jini yake ili pa kromozomu (mtolo wa majini) yotchedwa X. Mkazi ali ndi X ziwiri, mwamuna imodzi, koma mwamuna wobadwa ndi XXY chiopsezo chake chimayandikira cha akazi. Mu 2022, ofufuza a ku Australian National University anasonyeza kuti kusintha kamodzi kokha mu TLR7 kunadwalitsa kamtsikana ka ku Spain kali ndi zaka 7.

Zambiri mwa izi zinapezeka poyeza azungu, ndipo si zonse zikutikwana. Kusintha kwa jini ya PTPN22, kotchuka ku Ulaya, sikupezekapezeka mwa anthu akuda. Zathu n'zina, ndipo zinabwera ndi matenda a kuno. Mtundu wina wa jini ya FCGR2B unapezeka kuti umateteza ana a ku Kenya ku malungo aakulu, koma womwewo umakweza chiopsezo cha lupus. Kuposa apo pali jini ya APOL1. Mitundu yake iwiri, G1 ndi G2, inadziwika mu 2010, ndipo imathandiza thupi kupha tizilombo ta kaodzera, matenda a kashembe omwe anthu oyandikana ndi nkhalango za Nkhotakota ndi Vwaza amawadziwa bwino. Kutengera mtundu woterewu kwa kholo limodzi kulibe vuto kwenikweni. Wotengera kwa bambo ndi mayi omwe, akadwala lupus impso zake zimafulumira kufa. Impso sizipweteka zikamawonongeka. Pofika potupa mapazi ndi nkhope, mkodzo ukuchita thovu, zinthu zimakhala zitapita patali.

Sitikupempha makina oyezera majini pachipatala chilichonse, zimenezo n'zodula ndipo pakadali pano sizisintha chithandizo. Kapepala koviika mumkodzo kamaonetsa puloteni ndi magazi m'mphindi ziwiri. Wodwala lupus aliyense ayezedwe mkodzo ndi BP nthawi zonse akabwera, creatinine (kuyeza magazi koona mmene impso zikugwirira ntchito) miyezi 3 mpaka 6 iliyonse. Kuyeza ANA, asilikali a m'magazi oukira maselo a mwini wake, kumathandiza kupeza lupus, koma anthu ena abwinobwino amapezeka nayonso, motero m'bale wopanda chizindikiro chilichonse asayezedwe chiyezeyeze.

Majini amalowereranso pa mankhwala. Amene chiwindi chawo chimagaya pang'onopang'ono chifukwa cha jini ya NAT2 amatha kuonetsa zizindikiro za lupus akamamwa hydralazine, mankhwala a BP, ndipo isoniazid wa TB naye amatero mwa apo ndi apo. Kawirikawiri zimatha dokotala akasintha mankhwalawo. Azathioprine, mmodzi mwa mankhwala a lupus, amagwetsa maselo oyera a magazi mwa anthu amene TPMT yawo, puloteni yogaya mankhwalawa, ndi yofooka, n'chifukwa chake magazi aziyezedwa sabata iliyonse mwezi woyamba. Mankhwala ena a lupus, hydroxychloroquine, asapitirire mamiligalamu 5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku, kutanthauza 300 kwa mayi wolemera makilogalamu 60, ndipo maso azionedwa chifukwa mankhwalawa akachuluka amawononga mkati mwa diso mwakachetechete.

Mayi wa lupus akhoza kubereka bwinobwino. Adikire matenda akhale chete miyezi 6, asasiye hydroxychloroquine, ndipo ngati anapitapo padera kangapo ayezedwe antiphospholipid, asilikali a m'magazi amene amaundanitsa magazi, asanatengenso pakati.

Ogwira ntchito zachipatala,
Blantyre