Nsapato zija za pa kaunjika si za kabaza

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndinenepo kankhani kamene ena aziti nkopanda mutu. Loweruka lapitali pa msika wa Kasungu ndinapeza mnyamata wina wakabaza akunenerera mtengo wa nsapato zikuluzikulu zongotuluka mu belo, zolimba gwa kumbuyoku, akuti zizimuteteza akagwa pa njinga yamoto. Nditazigwira ndinaseka ndekha chifukwa zinali za snowboard, masewera aja munthu amatsetsereka pa sinowo miyendo yonse iwiri itamangidwa pa thabwa limodzi. Ndinamuuza kuti achimwene izi simungasinthire giya, akakolo sapinda bwinobwino umu, iye nkungondiyang'ana ngati ndamwa.

Masewerawa ndinawalawako ndili ku Joni. Abwana anga ananditengako ku Lesotho mwezi wa Julaye, kumapiri a Maloti komwe kuli Afriski, malo otsetserekera pa sinowo okwera kupitirira mamita 3,000. Sinowo wake amakhala Juni mpaka Ogasiti ndipo wina amachita kupanga ndi makina, ndiye anyamata athu ali kumeneko asamaone ngati nza ku Ulaya zokha. 

Chimene ndinaphunzira ndi ululu nchakuti nkhani yagona pa nsapato, thabwa limabwera pambuyo. Ife tinazolowera kugula nsapato yaikulu nkutsendereza nyuzi kutsogolo, ndiye ine ndinabwereka ya mnzanga saizi imodzi pamwamba, ndikati ndiponde ndi zala kuti ndikhote chidendene chimangonyamuka mkatimo thabwa osamva chilichonse, kenaka m'mphepete mwake munakola sinowo ndipo ndinapezeka ndili chagada osadziwa kuti zachitika bwanji. Nsapato yoyenera imagwira chidendene nganganga, zala zikungokhudza pang'ono kutsogolo ukaimirira, ukapinda mawondo zibwerere. Sokosi imodzi basi, yaitali, osati yathonje chifukwa ikanyowa ndi thukuta umazizidwa mpaka kulira. Ine ndinavala awiri, nzeru za kumudzi.

Thabwa la wophunzira likhale lofewerapo, ukaliimika pansi lizifika pakati pa chibwano ndi mphuno, ngakhale kwenikweni amayang'ana kulemera kwa munthu. Helemeti musakambirane. Magalasi nawonso, dzuwa likamenya pa sinowo limawotcha maso. Ndipo zotetezera pamfundo ya dzanja, poti ukamagwa umathamangira kutsamira manja, langa lamanja linatupa masabata awiri ndimalephera ndi kutema nsima komwe.

Mwendo wotsogola pa thabwa mutha kuudziwira konkuno, valani masokosi muthamange nkutsetsereka pa simenti yopaka Cobra, umene wapita kutsogolowo ndi womwewo. Zinazo ndi thupi. Mawondo opinda, msana osawerama ngati ukupalira fodya, maso komwe ukupita osati pa mapazi. Mantha ndi amene amagwetsa, ukaona kutsetsereka thupi limathawira ku mwendo wakumbuyo ndiye thabwa limangothamanga osakhota, pomwe umafunika kulemera pang'ono kutsogolo, zomwe mtima umakana. Tsiku loyamba mphunzitsi sanatilole nkomwe kulunjika kumunsi, tinkangotsika chopingasa pa chidendene uku ndi uku ngati tsamba likugwa mumtengo, kenaka pa zala, mpaka ntchafu kunjenjemera.

Ndikaona ana akutsetsereka pa chulu atakhala pa chigubu chodula kuno kwa Santhe ndimati mtima wake ndi womwewu, kungoti sinowo tilibe. Woti ali ku Joni ndipo kandalama kapezeka, asathamangire kugula thabwa pa Facebook, abwereke kaye konko, ndalamayo alipire mphunzitsi.

Mnyamata uja anagulabe nsapatozo. Lachiwiri ndinamuona pa depoti atazimangirira kumbuyo kwa njinga, kuphazi ali ndi patapata.

Wowerenga wanu,
Santhe, Kasungu