Kwa mwana wanga, za mapilisi unasiya aja

Mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi mpongozi wanga ndi adzukulu angawo. Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akundivutabe kukazizira.

Mlongo wako wandiuza zonse. Usamukalipire, ndinachita kumukakamiza. Akuti unakayezetsa, anakupeza ndi BP yokwera, anakupatsa mapilisi, iwe n'kumwa mwezi umodzi wokha n'kusiya chifukwa ukumva bwino m'thupi. Zoona zimenezi? Iwe amene unanyamula bambo ako ndi manja ako kuwalowetsa m'galimoto?

Bambo akonso ankamva bwino. Mmawa wa tsiku lija anaseka ndi ana, anasamba, anavala. Ndinawapeza atawerama akumanga zingwe za nsapato, dzanja lamanja likukanika kugwira chingwe. Nditawafunsa anandiyankha ngati m'kamwa mwadzaza madzi, mlomo utapotokera mbali imodzi. Anakana zakuchipatala, akuti ndi kutopa chabe, agoneko pang'ono. Zotsalazo ukuzidziwa. Adokotala anati mtsempha wa magazi unaphulika mu ubongo. Mapilisi awo ndinawapeza pambuyo pake m'thumba la jekete, botolo lodzaza.

Kuthamanga kwa magazi sikupweteka, mwana wanga. Anthu ambiri samva chilichonse, ngakhale mutu. Koma mkatimo mitsempha imakhala ikuwonongeka, mtima ukugwira ntchito yoposa mphamvu zake, impso ndi maso zikuvulala. Akakuyeza masiku osiyana n'kupeza 140/90 kapena kupitirira, matendawo uli nawo, kaya ukumva bwino kaya ayi. Ndipo mapilisiwo sachiza ayi, amangotsitsa. Ukasiya, BP imakweranso. Ine ndimamwa tsiku lililonse, ndipo ndidzamwa mpaka Mulungu adzanditenge.

Matendawa ali m'magazi mwathu. Kwa bambo ako alipo, kwa ine alipo. Amalume ako uwaone mmene akuyendera lero, akukoka mwendo, munthu amene ankatha kugwira ntchito dzuwa lonse osakhala pansi. Iwe watengera mbali zonse ziwiri, ndiye ukufuna kuyesa chiyani?

Kapena mapilisiwo akukuvuta? Nena. Amlodipine amatupitsa mapazi anthu ena, enalapril amayambitsa kachifuwa kouma kosatha. Si zobisa zimenezo. Ukawauza adokotala amakusinthira mtundu wina. Ndimamvanso zimene amuna mumanong'onezana, zoti mankhwalawa amafooketsa munthu m'nyumba. Sizoti ndikambe ndi iwe, ndine mayi ako, koma nazonso ukawauze adokotala, usakafunse anzako akumowa.

Anzako aja. Ndamva kuti Lachisanu lililonse sufika pakhomo mpaka usiku, ndipo wayambanso fodya. Mowa umakweza BP, fodya amawononga mitsempha, iwe n'kutaya mapilisi pamwamba pake. Tsiku lomwe udzagwe anzakowo adzabwera kudzakuona kamodzi n'kubwerera kumowa kwawo. Wokusambitsa, wokutembenuza pabedi, adzakhala mkazi wako. Ndikudziwa chimene ndikunena.

Unali mwana womvera iwe. Utadwala malungo uli wamng'ono unkamwa mankhwala owawa uli tsinzi, osalira, kenako n'kundionetsa lilime kuti wameza. Ndikakumbukira ndimaseka ndekha, kenako misozi. Mwana wako wamkulu uja watengera iwe maso ndi kayendedwe komwe. Ukufuna aphunzire kumeta ndevu kwa ndani?

Mchere uchepetse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, osadzaza n'komwe kasupuni kakang'ono, kuwerengera ndi umene uli kale m'zakudya zogula. Chizolowezi chako chothira mchere usanalawe n'komwe chija chithe. Uziyendako wapansi, wanenepa kwambiri pa chithunzi unanditumizira chija. Akakuyeza BP uwapemphe ayeze ndi shuga yemwe.

Mpongozi wanga umuwerengere mawu awa, kapena umupatse awerenge yekha. Akadzaona nkhope yako yapotoka, dzanja kapena mwendo wafooka mbali imodzi, kapena mawu sakumveka, asadzadikire kuti kuche, asadzamvere zoti ukufuna kugona kaye. Adzathamange nawe kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ukane. Pa sitiroko ola lililonse lotayika limapita ndi mbali ina ya ubongo.

Sindikukulembera kuti ndikuopseze. Ndinaika mwamuna wanga m'manda, sindikufuna kuikanso mwana. Iwe ndiwe woti udzaike ine.

Upite kuchipatala sabata ino, usati mwezi ukatha. Ukayambirenso mapilisi, uziwamwa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, uwaike pamalo poti mkazi wako aziona. Akakuyeza ujambule manambalawo unditumizire pafoni, ndikufuna ndiwaone ndi maso anga. Ukapanda kutero ndibwera ndekha ndi mawondo angawa.

Undiperekere moni kwa ana. Mlongo wako umuimbire, akuopa kuti wamukwiyira.

Ndine mayi ako.