Holide ino tituluke nawo ana

Akonzi,

Loweruka lapitali ndinatenga adzukulu anga atatu kupita nawo kunyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri. Wamng'onoyo anangoti kukamwa yasa pamaso pa mutu wa sitima yakale ija. "Agogo, imeneyi inkadya chiyani?" Nditamuuza kuti moto ndi madzi, sanakhulupirire.

Tinakathera ku Njamba, titanyamula mpira ndi mbatata yophika. Anathamanga mpaka dzuwa kupendeka, foni osaikumbuka n'komwe.

Makolo anzanga a mu Blantyre, zoterezi sizilira ndalama zambiri, ya minibasi ndi yapakhomo basi. Phiri la Michiru nalo si patali.

Ndikupemphanso khonsolo ya mzinda wathu iganizire zoonjezera malo osewerera ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni. Mtima umandiwawa ndikaona ana akumenya mpira mumsewu, galimoto zikudutsa.

Gogo wa ku Chilobwe