Chilengezo: ulendo wa ku Nyika

Abale ndi alongo nonse a m'gulu lathu, komiti yagwirizana kuti thiripi ya chaka chino tipite ku Nyika, kumtunda kwa Rumphi uko. Ena mwadandaula kale kuti ndi kutali, zoonadi, kuchoka kuno ku Mangochi ndi tsiku lathunthu pamsewu ndipo kupitirira Rumphi mbali yaikulu ndi msewu wafumbi mpaka pa geti yolowera mu paki ya Thazima, minibasi wamba siingalimbe, tifunika galimoto yamphamvu.

Koma tamverani. Ife tinazolowera nyanja ndi kutentha, ana athu ambiri sanaonepo malo oti masana dzuwa lili phwee koma munthu wavala juzi. Nyika ndi paki yaikulu kuposa zonse m'Malawi muno, inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600. Kumwambako mitengo ndi yochepa, ndi udzu wokhawokha pa timapiri mpaka pomwe maso alekezera, ndiye mbidzi, ntchefu ndi chilembwe mumaziona poyera zikudya pafupi ndi malo ogona alendo a Chelinda osachita kuzisaka m'tchire ngati ku Liwonde. Anyalugwe aliko koma ngamanyazi. Nthawi ya mvula kumamera maluwa a ma orchid mitundu yoposa 200, kungoti msewu umavuta kwambiri, n'chifukwa chake ife tasankha chilimwe.

Chonde musadzanyamule zovala za kunyanja zokha, mu June ndi July kumazizira mpaka udzu kuchita kuyera m'mawa. Jekete, bulangete, sokosi ndi nsapato zotseka.

Tikumane Loweruka likubwerali 2 koloko masana pamalo athu aja tikambirane za ndalama ndi galimoto. Amene mukufuna kupita lembetsani kwa mlembi msanga, malo ogona kumeneko amafunika kubukitsa nthawi ilipo.