Kalata yochokera ku Whitehorse: za mbewu ya chamba imene munapempha

Whitehorse, Yukon
Sepitembala

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kuno kumpoto kwa Canada. Ndikhulupirira kuti alamu ndi ana ali bwino, komanso kuti mwendo wa mayi uja wayamba kupepukako. Ife kuno tilipo.

Nkhani ya kopaletivi yanu yandikondweretsa kwambiri. Chivomerezereni Nyumba ya Malamulo ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale mu Febuluwale 2020, ndakhala ndikulakalaka kuti alimi wamba ngati inu apezepo gawo, zisangothera m'manja mwa makampani akuluakulu. Koma pempho lanu lakuti ndikupezereni mbewu ya kuno sindilikwanitsa, ndipo ngakhale zikanakhala zotheka ndikanakuletsanibe. Chifukwa choyamba n'chachifupi. Canada inaloleza chamba pa 17 Okutobala 2018, koma kudutsa nacho malire popanda chilolezo cha boma, kulowa kaya kutuluka, ndi mlandu waukulu, ndipo njere zake nazo zili m'gulu lomwelo. Choncho nanunso musayese kunditumizira njere za ku Nkhotakota zija munkanena. Chifukwa chachiwiri ndicho ndikufuna muchimvetse bwino, poti chikukhudza ndalama zimene anthu anu asonkha movutikira.

Chamba chimadziwa nyengo poyesa kutalika kwa usiku. Usana ukakhala wautali chimangokula, kutulutsa masamba ndi nthambi. Usiku ukayamba kutalika kuyandikira maola 12, m'pamene chimasiya kukula n'kuyamba maluwa. Kwathu izi sitiziona kwenikweni, chifukwa usana wa ku Lilongwe umangosewera pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse. Kuno zinthu n'zina. Whitehorse ili pamwamba pang'ono pa madigiri 60 kumpoto, ndipo pa 21 Juni usana umakwana maola 19. Mpaka cha m'ma 11 koloko usiku munthu amatha kupalira kudimba popanda nyali. Ku Fairbanks, ku Alaska, usana wa tsiku limeneli umapitirira maola 21.

Dzuwa lochuluka chonchi mungaganize kuti ndi dalitso, ndipo kwa kabichi ndi mbatatesi ndi dalitsodi. Kwa chamba ndi msampha. Chomeracho chimakula mokongola Juni yense, Julayi yense, chikudikira usiku wautali umene sukubwera. Usana umayamba kufupika mokwanira kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Sepitembala, nthawi yomweyo imene chisanu chowumitsa mbewu chimagwa. Masiku opanda chisanu kuno sakwana bwinobwino miyezi itatu. Maluwa a chamba chambiri amafuna pafupifupi miyezi iwiri kuti akhwime, pomwe chathu chija azungu amachitcha Malawi Gold chimafuna miyezi itatu kapena kuposerapo. Mukachibzala panja kuno chikhoza kutalika kuposa munthu, koma chipale chofewa chidzachipeza chisanakhwime.

Lamulo la kuno limalola nyumba iliyonse kukhala ndi zomera zinayi zokha, ndipo ndaona anthu akuzisamala zinayizo ngati mwana wakhanda. Mbande amafesera m'nyumba, pawindo, kunja kukadali chipale, n'kudzawokera kumayambiriro kwa Juni. Ambiri amaziika mu greenhouse, kanyumba ka magalasi kapena pulasitiki kosunga kutentha, momwe amalimanso tomato, poti ngakhale tomato panja kuno sachedwa kupsa ndi chisanu. Ena amachinamiza chomeracho: madzulo alionse amachiphimba ndi lona wakuda kuti chione ngati usiku watalika, m'mawa n'kuvundukula. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, chifukwa safunika kuphonya, ndipo munthu sangachoke pakhomo nyengo yonse yotentha, imenenso ndiyo nthawi imene anthu a kuno amakonda kupita kunyanja ndi kumapiri.

Chimene chinawapepukitsira ntchito alimi a kumpoto ndi kachamba kena kam'tchire, kakafupi, kosaoneka bwino, komera m'mphepete mwa minda ku Russia. Katswiri wa zomera wa kumeneko, D. E. Janischewsky, anakafotokoza mu 1924 n'kukatcha Cannabis ruderalis. Kameneka sikayang'ana usiku. Kamachita maluwa kakangokwanitsa masabata atatu kapena anayi chimerereni, dzuwa liwale maola 20 kaya 12, chifukwa kumene kanazolowera ukadikira usiku wautali ndiye kuti wafa usanasiye njere. Paokha kalibe mphamvu yambiri, koma anthu anakakwatitsa ndi mitundu ina, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 panatuluka mbewu zimene amazitcha autoflower. Izi zimatha moyo wake wonse m'masabata 10 mpaka 12. Wowokera mu Juni amakolola mu Ogasiti chisanu chisanafike. Zokolola zake n'zochepa, chomeracho chimalekeza m'mawondo kapena m'chiuno, koma chochepa chokhwima chimaposa chitsamba chachikulu chofera m'munda.

Pa chamba cha m'mafakitale, chimene inu mukufuna, nkhani ndi yomweyo. Canada inaloleza ulimi wake mu 1998, ndipo chimalimidwa kwambiri m'zigawo za Alberta, Saskatchewan ndi Manitoba, makamaka chifukwa cha njere zake zimene amadya ndi kuyengera mafuta. Mtundu umodzi wodziwika kumeneko ndi Finola, umene anaupanga ku Finland m'zaka za m'ma 1990. Ndi waufupi, wocha msanga, ndipo anausankha dala kuti uzibereka kumene usana ndi wautali koma nyengo yolima ndi yaifupi. Ndikamaganiza za anthu amene anakhala zaka akusankha njere kuti apeze mbewu yogwirizana ndi dera lawo, ndimawapatsa ulemu. Sanakatenge mbewu ya kotentha n'kuikakamiza.

Tsono tembenuzani nkhaniyi, muione muli ku Kasungu. Mitundu yambiri ya ku Canada ndi ku Ulaya inazolowera kukula pansi pa usana wa maola 15, 16 kapena kuposa. Mukaibzala kwathu, kumene usana suposa maola 13, imaona ngati nyengo yatha kale. Imathamangira maluwa ikadali yaing'ono, osatalika, osapanga thunthu. Ngati cholinga chanu ndi luzi lopangira nsalu ndi zingwe, phindu lonse lili m'kutalika kwa thunthulo, ndiye mbewu yolekeza m'mawondo yakuphani. Ngati cholinga ndi njere za mafuta, kachomera kakang'ono kamabereka pang'ono. Feteleza sangakonze zimenezi, ngakhale kuthirira sikungakonze, chifukwa vuto silili m'nthaka. Chimene chimalepheretsa chamba cha ku Nkhotakota kuno ndi chomwecho chimene chingalepheretse cha ku Manitoba kwanuko.

Zimandipweteka ndikamva anthu akunena kuti mbewu ya kunja ndiyo yabwino, basi chifukwa yabwera pandege m'paketi yonyezimira. Ndalama za laisensi ku Cannabis Regulatory Authority, bungwe la boma loyang'anira ulimi wa chamba, mukuzidziwa nokha kulemera kwake, ndipo ena mwa anthu anu agulitsa mbuzi kuti asonkhe. Nyengo imodzi yolephera ikhoza kubalalitsa kopaletivi yonse, anthu n'kuyamba kulozana zala.

Pempho langa ndi ili. Musanapereke ndalama kwa wogulitsa mbewu aliyense, mufunseni kuti mbewuyo inayesedwa kuti, ndipo inatalika bwanji kumeneko. Akatchula Canada, France kapena Finland zokha, yankho limenelo silikukwanira. Mufunseni za minda ya kumadera otentha, oyandikira pakati pa dziko lapansi ngati kwathu. Pitaninso ku Chitedze, kumalo ofufuzira za ulimi. Kumeneko anayamba kuyesa mitundu ya chamba cha m'mafakitale cha m'ma 2015, lamulo lisanasinthe n'komwe, ndipo akatswiri ake anaona ndi maso awo mitundu imene inatalika ndi imene inakwinimbira. Mufunsenso za mwezi wobzalira, chifukwa ngakhale kwathu usana wa Disembala umatalikirapo kuposa wa Juni, ndipo kusiyana kochepako chomerachi chimakumva. Mbewu imene mwagwirizana muyambe mwaiyesa pa kamunda kakang'ono chaka choyamba, ndipo wogula zokolola mumupeze, mulemberane naye pangano, khasu lisanalowe pansi.

Chinanso, mbewu yake ikhale yovomerezeka ndi boma ndipo mapepala ake muwasunge bwino. Chamba cha m'mafakitale amachiyeza mphamvu yake yoledzeretsa, ndipo chikapyola mlingo wa lamulo munda wonse ukhoza kuwonongedwa. Mungu wa chamba umauluka kutali ndi mphepo, choncho ngati pafupi pali olima cha makolo chija mobisa, njere zosunga m'munda mwanu sizingadalirike chaka chotsatira.

Mundilembere zimene akakuuzeni ku Chitedze, ndi mayina a mitundu imene wogulitsayo akutchula, ndidzafufuza kuno kumene inachokera. Ndalama ya mankhwala a mayi nditumiza kumapeto kwa mwezi uno kudzera kwa achemwali. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa onse a mu kopaletivi.

Ndine mbale wanu,
wa ku Whitehorse