Ziboliboli za miyala m'maofesi a kuchigwa cha Shire zikufuna chisamaliro

A Mkonzi,

Tiloleni tinenepo za ziboliboli za miyala zomwe ena akuika polandirira alendo m'maofesi kuno ku Chikwawa ndi Nsanje. Zambiri sizifanana ndi munthu kapena nyama. Wosema amatsata mmene mwala wapindikira, mbali ina n'kuisalaza mpaka kunyezimira, ina n'kuisiya yokhakhala, mikwingwirima ya tchizulo ikuonekera. Lusoli linakula kwambiri ku Zimbabwe, makamaka ku Tengenenge, mudzi wa osema miyala womwe unatsegulidwa mu 1966, ndipo ena mwa osema oyamba kumeneko anali Achewa ndi Ayao ogwira ntchito m'minda ya fodya. Ogula achita bwino, koma kasamalidwe kake kakutiwawa mumtima.

Kunyezimira kuja si penti ayi. Mwala wa serpentine kapena springstone amaukwecha ndi sandpaper m'madzi, kuyambira yokhakhala ya nambala 60 mpaka yosalala ya nambala 1200. Kenako amauwotcha kuti utenthe, n'kupaka phula loyera lomwe limalowa m'timaenje ta mwalawo, ndipo ukazizira amaupukuta ndi nsalu. Tsono kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Chiboliboli chikakhala pawindo loyang'ana kumadzulo, phula limafewa, fumbi limamatirira, mwala womwe unali wakuda bii n'kuyamba kutuwa. Chisunthireni pamthunzi.

Chotiwawa kwambiri ndi madzi. Mijigo yambiri kuno imatulutsa madzi amchere, ndipo wokolopa akapukuta chiboliboli ndi madzi amenewo, akauma amasiya mawanga oyera m'mizere yonse ya tchizulo, ovuta kuchotsa. Sopo waufa wotsukira miphika ndiye amakanda kotheratu. Sitikuloza chala okolopa, poti palibe amene anawauza. Nsalu yofewa youma ndi yokwanira. Ngati kwada kwambiri, nyowetsani nsalu ndi madzi amvula, muumitse, ndipo kamodzi pachaka pakani polishi woyera wapansi pang'ono chabe. Wofiira ayi, amadetsa mwala.

Kulemera musakuderere. Mwala wotalika masentimita 50, mulifupi 30, kunenepa 30, umalemera pafupifupi makilogalamu 120 usanasemedwe. Tebulo lamuofesi silingapirire, ndipo chipika cha mtengo chokhala pansi chiswe chimachidya mkati osaonekera. Umbani poikapo pa simenti, pokwera ndithu chifukwa madzi osefukira ngati a 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023 amalowa ndi m'nyumba momwe. Chitsulo cholumikiza mwala ndi poikapo chikhale chosachita dzimbiri, poti dzimbiri limafufuma n'kung'amba mwala kuchokera mkati. Posuntha, kulungani bulangete, mangani malamba kumunsi konenepa, osagwira nsonga zopyapyala.

Ndipo chonde ikani kachikwangwani kolembapo dzina la wosema, mtundu wa mwala ndi chaka chomwe anasema, kuti mlendo wofunsa kuti "kodi ichi n'chiyani?" apeze poyambira.

Ndife,
Osema miyala,
Nchalo, Chikwawa