Usanasiye ntchito, tamva za mayi ako

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mpongozi wanga ndi adzukulu. Kuno tili bwino, kupatula bondo lija.

Nkhani unandiuza pafoni Lamulungu yandisowetsa tulo. Ukuti mwezi wamawa usiya ntchito, uyambe kampani yopangira anthu mawebusaiti, chifukwa anzako a pa intaneti akuti wolemera ndi wolimba mtima. Pafoni paja ndinangoti "ehe, ehe" poopa kuti tikangana mpaka mayunitsi kutha. Ndiye ndati ndilembe.

Geni sindikukuletsa. Ndingakuletse bwanji ine amene ndinakulipirira sukulu ndi ndalama za kaunjika? Chimene chandidetsa nkhawa ndi anthu amene ukuwamverawo. Mlongo wako anandiwerengera mbiri ya Jeff Bezos, uja umamutchula kawirikawiri, amene anayambitsa Amazon mu 1994 m'galaja kufupi ndi Seattle. Zoona, anasiya ntchito yabwino. Koma chaka chotsatira makolo ake anamuikiramo madola oposa 200,000. Zimenezo anzakowo amakuuza? Ine ndikagwedeza chitenje changa chimene chigwe ndi gawo langa la ku banki m'khonde basi. Anthu ngati Bezos akagwa amagwera pa matiresi, iwe ugwera pa simenti, ana awiri ali kumsana.

Unandiuzanso wekha kuti malo osungira webusaiti ndi dzina lake umalipira m'madola. Wayiwala za Novembala 2023? Tinagona dola ili pa makwacha pafupifupi 1,180, kudzuka ili pa 1,700. Anzanga amene ankaoda katundu ku Kariakoo ku Dar es Salaam mpamba wawo unasungunuka ali chigonere. Ukamuuza kasitomala mtengo wa chaka chonse m'makwacha pamene iwe ukulipira m'madola, tsiku lina udzagwira ntchito yaulere. Lembani pa pepala kuti mtengo udzasintha dola ikasintha, asayine.

Tsopano za webusaiti ija unawapangira amalume ako a hadiweya. Ndinayesa kuitsegula pa foni yanga. Kanthu kaja kanazungulira, kuzungulira, ine n'kukaika madzi pamoto, n'kubwerako, kakuzungulirabe. Itatseguka ndinaona chithunzi chachikulu cha mzungu atavala chipewa cha omanga, mawu akuuluka uku ndi uku, koma mtengo wa thumba la simenti sindinaupeze. Nambala ya foni inali pansi penipeni, tizilembo tating'ono ngati nyerere. Bandulo yanga inathera pomwepo. Mwina anzako a makompyuta anakuyamikira kuti ndi yokongola, koma iwowo sagula malata kwa amalume ako. Wogula ndi munthu wonga ine, wa foni yaing'ono yosweka galasi, amene akufuna kudziwa zinthu zochepa: chilipo, ndi zingati, sitolo ili pati, ndilipire pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ika zimenezo pamwamba, ndi podina kuti munthu alowe pa WhatsApp. Ukamaliza ina iliyonse uzinditumizira. Ikandikanika ine, yakanika theka la msika.

Ndamvanso kuti usiku umakhala ukusakasaka zotchipa, ndipo wapeza laputopu ya theka la mtengo kwa munthu wa pa Facebook amene akufuna ndalama kaye. Mwana wanga, uli mu Sitandade 6 ndinagula belo la kaunjika kwa bambo wina ku Limbe pa mtengo wogwetsa. Ndinasangalala njira yonse mu minibasi. Titadula mawaya kunyumba munatuluka majekete a chisanu okhaokha, ena opanda zipi, ena odyedwa ndi njenjete, uku kuli Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Ndinakhala pansi n'kulira, iwe n'kumayesa jekete lina lokufika m'mapazi, ukuseka. Miyezi itatu tinadyera bonongwe. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Laputopuyo uyigwire ndi manja ako, uyiyatse, uyichotse ku magetsi uone ngati batire isunga moto maola angapo. Nanga magetsi akazima masana uzigwira ndi chiyani? Ndipo ngati ikuchokera kunja, pa mtengowo wonjezerapo wotumizira ndi msonkho wolowetsera katundu m'dziko ngati ulipo, kenako uone ngati idakali yotchipa.

Pempho langa ndi ili. Ntchito usasiye pano. Mawebusaiti uzipanga madzulo ndi Loweruka. Upeze makasitomala asanu amene si abale, olipira theka usanayambe, chifukwa abale tidzakulipira ndi "zikomo aphwanga". Kampaniyo uilembetse kuboma, ndalama zake zikhale pazokha, osati m'thumba lomwe ugulira ndiwo. Za katapila usayerekeze n'komwe. Ndalama ya geniyo ikakwana lendi ndi sukulu fizi miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana, ubwere tidzakambirane, kalata yosiyira ntchito ndidzakuthandiza kuipinda ndine.

Mkazi wako wamuuza zonsezi? Ngati sunamuuze, umuuze usanandiyankhe.

Ufa ndi mtedza ndakusungira, tuma munthu adzatenge. Pobwera undigulire mafuta opaka a bondo aja, a botolo lobiriwira.

Ndine mayi ako.